Pepala Lachitatu la Tsinzina

Mu msewu wa owotcherera zitsulo, kuseri kwa malo ogulitsira matabwa, palibe amene sankamudziwa Tsinzina. Dzina lake lenileni linkangokhala pa chiphaso. Ili linamumata ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, sabata yoyamba kuphunzira ntchito, chifukwa cha kawotcheredwe kake. Ankaloza ndodo pomwe akufuna kulumikiza, n'kutsinzina, kenako n'kugunditsa. Moto ukamathetheka, iye maso anali atatseka kale. Potsegula ankapeza zitsulo zagwirana bwinobwino, mzere wake wowongoka ngati wa telala.

Chigoba chotchinga kumaso anali nacho ndithu. Chinkakhala pa msomali, akangaude atachiyesa nyumba ya lendi. Anzake ankati mnyamatayu ndi wamatama, koma sanali matama ayi. Munthu ukavala chigoba chija umangoona mdima bii mpaka moto utayaka, ndipo Tsinzina mdima ankauopa ngati kamwana. Mdima wotsinzina yekha ankaupirira, poti ankadziwa kuti akafuna atsegula. Wa m'chigobawo unkamubanikitsa.

Kunena chilungamo, munthuyu ankaopa zambiri. Ankaopa agalu, ngakhale omangidwa. Msewu ankawoloka ngati kuti galimoto iliyonse ili naye chifukwa. Foni ikalira ndi nambala yachilendo, mtima unkayamba kuthawa mwini wake asanayankhe n'komwe. Manthawa anamulowa chaka chomwe bambo ake anagwa ali pa ntchito yonyamula katundu, osadzukanso. Thupi linakhala ku chipatala masiku anayi chifukwa bokosi kunalibe. Amayi ake anayenda khomo ndi khomo atapinda manja, ena akuwathandiza, ena akuwayankhira pa windo. Kuyambira pamenepo mayiyo anali ndi mawu amodzi omwe ankawabwereza ngakhale akusita zovala: "Manyazi aja sindidzawaonanso kachiwiri."

Ntchito anamuphunzitsa ndi Wandevu, mnzawo wa malemu bambo ake, munthu wa phokoso koma wa mtima wabwino. Tsinzina ankawatchula kuti amalume ngakhale panalibe chibale. Atakwanitsa zaka makumi awiri ndi zitatu anagula makina akeake owotcherera, ofiira, olemera moti ankanyamulidwa ndi anthu awiri, n'kutsegula kashedi kake pafupi ndi ka Wandevu. Makinawo ndiwo ankadyetsa pakhomo, ndiwo ankalipira nyumba, ndiwonso ankaphunzitsa mlongo wake wamng'ono yemwe anali ku sekondale. Madzulo aliwonse ankawapukuta, kuwamanga ndi tcheni, n'kutseka ndi maloko atatu. Akayenda pang'ono ankabwerera kukagwedeza malokowo. Anzake ankachita kumuwerengera: "Uyo wabwerera kachiwiri, kwatsala kamodzi!"

Munthu wamantha chonchi ndiye amene amayi a inshulansi ankamusowa. Mayiwa ankadutsa mumsewumo Lachitatu lililonse, ambulera kudzanja ili, chikwama kudzanja ilo. Owotcherera akangowaona ankayatsa makina onse kuti phokoso liwathamangitse. "Abwera ogulitsa tsoka," ankatero. Tsinzina yekha ndiye anazimitsa ake, n'kuwapukutira mpando.

Mayiwo anayala mapepala atatu pa geti lomwe linali lisanathe.

"Ma inshulansi alipo ambiri, achimwene, koma sindikupatsani onse," anatero. "Galimoto muli nayo?"

"Ngakhale njinga ndilibe."

"Nyumba ndi yanu?"

"Ya lendi."

"Ndiye za galimoto ndi za nyumba tizisiye, musalipire zomwe mulibe. Inu zokukhudzani ndi zitatu. Pepala ili ndi la makina: akabedwa kapena akapsa, timakugulirani ena. Ili ndi la maliro: wina mwa anthu olembedwa akatisiya, timagula bokosi ndi kupereka galimoto. Lachitatuli ndi la thupi lanu. Mukavulala kapena kudwala timalipira chipatala, ndipo miyezi yomwe simukugwira ntchito timakupatsani kangachepe koti pakhomo pazifuka utsi."

Tsinzina anafunsa mitengo, n'kukanda m'mutu. Thumba lake linkakwanitsa mapepala awiri okha.

"Mukandifunsa ine, muyambe ndi lachitatuli," anatero mayiwo. "Muli ndi anthu awiri okuyang'anani m'manja. Makinawa atabedwa lero, mawa mungabwereke a anzanu?"

"Amalume angandibwereke, inde."

"Nanga manja ndi maso mungabwereke kwa ndani?"

Tsinzina anaseka. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, sanagonepo m'chipatala, ndipo chitsulo chomwe anzake ankanyamula awiri iye ankachikweza yekha paphewa. Akuba ankawadziwa, anali atathyola kale mashedi awiri mumsewumo. Imfa ankaidziwa, inalowapo m'nyumba mwawo. Koma zoti munthu n'kuwonongeka ali wamoyo, osafa komanso osagwira ntchito, mantha ake onse aja anali asanafikeko.

Kunyumba amayi ake sanachedwe n'komwe. Anagwira pepala la maliro ndi manja awiri. "Ili ndiye usalisiye, mwana wanga. Undilembe ine, udzilembe iwe, umulembe mlongo wako." La makina analivomereza ndi mutu. Atamva za lachitatu anakwinya nkhope. "Za ngozi zomalemberatu? Kumeneko n'kuziputa dala. Ukufuna uziitane?" Chodabwitsa n'chakuti maliro sankaopa kuwaitana.

Lachitatu lotsatira Tsinzina anasaina mapepala awiri. Amayi a inshulansi anamusiyira lachitatu lija. "Likhale, mwina mudzaganiza," anatero. Tsiku lomwelo kunabwera munthu wofuna geti, ndipo Tsinzina posowa polemba miyezo analemba kuseri kwa pepalalo. Atamaliza analipinda, n'kulikankhira m'chigoba chija kuti lisauluke ndi mphepo.

Kwa zaka ziwiri analipira osaphonya mwezi. Ankagona tulo tabwinoko. Malokowo ankawagwedezabe, koma kamodzi kokha.

Tsoka linabwera Lolemba m'mawa, dzuwa likuwala bwinobwino. Ankasalaza m'mbali mwa geti ndi makina aang'ono aja a chimbale chozungulira, omwe amalavula tizitsulo tamoto. Posalaza sungatsinzine, umayenera kuona, choncho iye ankangopendeketsa mutu n'kuchepetsa maso. Magalasi otchinga analipo penapake m'bokosi la zida, okandikakandika, ndipo mumsewumo wovala magalasi ankamuseka kuti wasanduka dokotala. Anangomva kuti tswi! m'diso lamanzere, ngati walumidwa ndi nyerere.

Owotcherera a mumsewu uja anali ndi chipatala chawochawo. Pa mzati wa shedi ya Wandevu pankakhala maginito wamkulu wochotsedwa ku sipika yakale. Munthu akalowedwa kachitsulo m'diso ankamukhazika pa ndowa, wina n'kumutong'ola chikope, Wandevu n'kuyandikizitsa maginitoyo pang'onopang'ono. Kenako ankadonthezamo mkaka, basi, munthu n'kubwerera pa ntchito. Njirayi inali itathandiza ambiri, ndipo Wandevu ankainyadira kuposa ndevu zake.

"Usaphethire, iwe! Yang'ana kudenga," anatero Wandevu.

Pa maginito panaoneka kanthu kakuda, kochepa ngati mutu wa singano. Anthu anaomba m'manja.

"Ndi kameneka! Katuluka. Kodi ukanapita ku chipatala sukanakhala pa mzere mpaka madzulo?"

Tsinzina anathokoza, koma diso silinasiye kubaya. Lachiwiri linafiira. Lachitatu linkatuluka misozi lokha, ndipo kuwala kulikonse kunkamupweteka mpaka m'mutu. Amayi ake atafunsa anati ndi utsi. Mumtima ankadziwa kuti si utsi, ndipo kudziwako ndi kumene kunkamuletsa kupita ku chipatala. Ankaopa kuti akapita akamuuza zoona zake.

Lachinayi m'mawa anadzuka diso litamatana ndi mafinya. Analitsuka ndi madzi ofunda mpaka linatseguka. Amayi ake anali ataima pakhomo ndi tsache. Tsinzina anaphimba diso lamanja ndi chikhatho kuti ayese linzakelo. Khomo linasanduka chiyera chopanda m'mbali, ndipo pakati pake panali chinthu chakuda chogwedera. Chinthu chakudacho chinalankhula ndi mawu a amayi ake.

"Ukutani kodi?"

Anakhala pansi pomwepo, pasimenti, thukuta lili kamukamu.

"Amayi, sindikukuonani."

Ku chipatala adokotala anamuunika ndi kagetsi kowala, nthawi yayitali, osalankhula. Kusalankhulako kunamuopsa kuposa ululu.

"Mwati munachotsa ndi maginito?"

"Amalume anachotsa, ndinakaona ndi maso anga."

"Munachotsa kapamwamba. Kanzake kanalowa mkati, ndipo kayamba dzimbiri. Mukanabwera Lolemba lomwelo, bwenzi tikukamba zina." Adokotala anazimitsa kagetsi kaja. "Pakufunika opaleshoni sabata ino isanathe. Kuno mzere wa opaleshoni ya maso ndi wa miyezi iwiri, ndipo diso lanu silidikira miyezi iwiri. Ku chipatala cha maso cholipira angakuchiteni Loweruka. Ndikuuzeni mosabisa, achimwene: diso lovulala chonchi likasiyidwa, nthawi zina limakoka linzake."

Tsinzina anamva m'makutu mukulira. Linzake. Ndiye kuti mdima wa m'chigoba uja, koma wosavula.

"Muli ndi inshulansi?" anafunsa adokotala.

Apa mpweya unabwerera. Inshulansi! Anatsala pang'ono kuseka. "Ndili nazo ziwiri, adokotala. Sindinaphonyepo mwezi."

Amayi ake anali atanyamula mapepala aja, okulungidwa m'pulasitiki momwe ankawasungira pansi pa sutikesi. Ku chipatala cholipiracho kalaliki wa pa windo anawawerenga kutsogolo ndi kuseri, n'kuwabweza mwaulemu. Anati kuno sagwira ntchito, afunse kwa amene anawagulitsa.

Amayi a inshulansi anabwera kunyumba masana omwewo. Anakana mpando, anakhala pa mkeka pafupi ndi amayi ake a Tsinzina. Iye anali pa ngodya, nsalu yonyowa ili pa diso.

"Tandiuzeni bwino, mayi, poti ine sukulu sindinapite patali," anayamba amayi ake. "Mwanayu wakhala akulipira zaka ziwiri. Mapepala awa amathandiza liti?"

"Ili limathandiza makina akabedwa kapena akapsa."

"Makina ali bwinobwino, ali ndi maloko atatu. Nanga ili?"

Amayi a inshulansi anayang'ana ambulera yawo.

"Ilo limathandiza akamwalira, mayi."

Panja wina ankatsuka mbale. Amayi ake a Tsinzina analitembenuza pepala lija kangapo ngati kuti kuseri kutuluka zina.

"Ndiye kuti mwana wanga akachita khungu palibe kanthu, koma akafa mubwera ndi galimoto."

"Ndi momwe lilili, mayi. Pepani."

"Ndinamugulira bokosi," anatero mayiyo motsitsa, osauza munthu aliyense. "Mwana wamoyo, wa maso awiri, ine ndinamusankhira bokosi."

Tsinzina ankadziwa kuti si iwo okha, kuti iyenso anasankha chitsulo n'kusiya thupi.

Madzulo kusanade anabwera Wandevu, chipewa chili m'manja, phokoso lonse atalisiya ku shedi. Nkhani ya maginito inkamudya. Atamva zonse anasendera pafupi n'kunong'ona.

"Mphwanga, makina amabedwa tsiku lililonse mumzinda muno. Ako atati asowe, akapezeke kwa ine kuseri, pepala lija silingalipire?"

Kwa nthawi yoyamba mantha a Tsinzina anamuchitira zabwino. Anaona apolisi, anaona unyolo, anadziona ali m'chitolokosi ndi diso lowola.

"Ayi, amalume. Ndiponso a inshulansi amafufuza masabata angapo. Loweruka ndi mkuja. Makinawo muwagule. Zenizeni."

Wandevu anavomera. Sanatsitse mtengo ngakhale pang'ono, iye amene ankatsitsa mtengo ngakhale wa machesi. Lachisanu m'mawa Tsinzina anatsegula yekha maloko atatu aja, n'kumasula tcheni. Anthu awiri ananyamula makina ofiira kuwalowetsa shedi yoyandikana nayo. Mtunda wake unali mapazi khumi okha, koma iye anatembenukira kukhoma kuti asaone.

Za opaleshoni sankakonda kukamba. Chomwe anauza mlongo wake n'chakuti ululu sunali kanthu, poti anamubaya mankhwala. Choopsa chinali nsalu. Anamuphimba nkhope yonse, n'kusiya kabowo pa diso lodwalalo, moti diso labwino linali mu mdima, lodwala likungoona chiyera. Ankamva tizitsulo tikugundana m'mbale, ankamva adokotala akupuma. Anagwira m'mbali mwa bedi mpaka zala zinachita dzanzi. Namwino anamuuza kuti, "Musagwedezeke, bambo, mukagwedezeka tiwononga." Munthu amene ankathawa galu womangidwa anagona osasuntha kwa ola lathunthu.

Kachitsulo kanatuluka. Anamuonetsa pa thonje, kofiirira ndi dzimbiri, kochepa moti ukanakapeza m'mbale ya chakudya sukanadandaula. Diso lamanja linapulumuka. Lamanzere linatsala m'malo mwake, looneka bwino kwa ongodutsa, koma linkangosiyanitsa kuwala ndi mdima basi.

Anakhala pakhomo masabata asanu ndi limodzi. Pakhomo panavuta. Mlongo wake anayamba kuyenda wapansi kupita kusukulu, amayi ake anayamba kuchapira anthu zovala. Iye anaphunzira kuthira madzi m'kapu osataya, poti ndi diso limodzi kapu imaoneka ili pomwe palibe. M'mawa uliwonse asanadzuke ankayamba watsegula diso lamanja pang'onopang'ono, kuona ngati denga likadalipo.

Tsiku lobwerera ku ntchito linali Lachitatu. Tsopano anali wolembedwa ntchito kwa Wandevu, pa makina omwe aja ofiira. Amayi ake anamuperekeza ngati mwana woyamba sukulu, ndipo iye sanakane. Atafika anapita ku shedi yake yakale, yomwe inali mbee, n'kutsitsa chigoba pa msomali. Pochigwedeza kuti akangaude atuluke, munagwa pepala lopindidwa, lachikasu ndi fumbi. Kuseri kwake kunali miyezo ya geti la munthu wina. Kutsogolo kunali mizere yosalembamo kanthu, ndi malo osainira.

Analiyang'ana nthawi yayitali. Zaka ziwiri zonsezi linali pomwepo, pamwamba pa mutu wake.

Amayi a inshulansi atatulukira ndi ambulera yawo, palibe anayatsa makina. Owotcherera anayamba kusendera mmodzimmodzi, akunamizira kufuna sipanala.

Amayi ake a Tsinzina ndiwo anayamba. "Mayi, mundichotse ine pa la maliro lija. Ndikadzafa adzandikulunge m'bulangete, manyazi ndidzakhala sindikuwaona. Ndalamayo ipite pa thupi la mwanayu."

"Musachotse munthu, mayi," anayankha amayi a inshulansi. "La makina lija linatha tsiku lomwe makina anagulitsidwa. Malo alipo kale."

Tsinzina anaseka pang'ono, kuseka kowawa. Malo anapezekadi.

Ulendo uno sanafunse mtengo poyamba. Anatenga pepala latsopano, n'kulibweretsa pafupi ndi diso lamanja, n'kuwerenga mzere uliwonse ndi chala, mpaka timalemba tating'ono ta m'munsi tomwe anthu amatidumpha.

"Ndikavulala mawa?"

"Za ngozi zimayamba mukangolipira koyamba. Za matenda mudikira miyezi itatu."

"Ndikakhala pakhomo osagwira ntchito, mumayamba kuthandiza liti, ndipo mpaka liti?"

Anamuonetsa mzere wake. Anauwerenga kawiri.

"Nanga maso?"

Mayiwo sanazembe. "Lamanzere sitililemba, achimwene. Linavulala kale. Tilemba lamanja lokha."

"Lembani lomwelo," anatero Tsinzina. "Ndi lomwe ndili nalo."

Anasaina. Wandevu, yemwe ankamvetsera akunamizira kukonza waya, anatsokomola n'kufunsa ngati mayiwo ali ndi pepala lina lotero, la munthu wachikulire pang'ono. Pa mzati pomwe pankakhala maginito panali patapachikidwa magalasi atsopano awiri.

Kenako panatsala ntchito. Pa tebulo panali zitsulo ziwiri zodikira kulumikizidwa. Tsinzina anapukuta galasi lakuda la chigoba ndi malaya ake, anapana ndodo, n'kuima. Kutsinzina ankakudziwa, kunamudyetsa zaka zisanu ndi zinayi. Koma diso linali limodzi, ndipo pepala limalipira chipatala, silibweza diso.

Anatsitsa chigoba. Mdima bii. Fungo la fumbi, mpweya wake womwe ukumubwerera kumaso, nsalu ya ku chipatala ija. Anafuna kuchivula n'kuthawa.

"Ndili pompano," anamva mawu a amayi ake kumbuyo.

Anagunditsa ndodo.

Mu mdimamo munayaka kadziwe kakang'ono kobiriwira, kowala, koyenda. Chitsulo chinkasungunuka ngati phula, mbali ziwiri zikuyenderana, kadziweko kakutsatira dzanja lake kulikonse komwe lapita. Zaka zisanu ndi zinayi akuwotcherera, mageti ake ali pa nyumba za anthu mumzinda monse, Tsinzina anali asanaonepo zimenezi. Nthawi zonse zinkachitika iye atatseka maso.

Anafika kumapeto kwa mzere, n'kuzimitsa. Sanakweze chigoba msanga. Amayi ake anaona mapewa akugwedezeka, n'kufunsa mwamantha ngati china chamulowanso.

"Ayi, amayi," anayankha ali m'chigoba momwemo. "Ndimaona. Bwenzi nditaziona ndi maso awiri."